Chimbale Chachitatu Chinaitana Mudzi

Pa siteji ya Kamwendo, a Rodrick, bambo wa kabaza, ankadikira anthu kwinaku kawailesi kawo kakuimba nyimbo yozizira. Mayi wina wodikira minibasi anatchera khutu.

"Bambo, woimbayu wafedwa?"

"Ayi mayi, ndi maimbidwe ake. Amapeka yekha, n'kumadandaula ndi kagitala. Zimbale zake zonse zitatu ndili nazo. Choyamba ndinafunsira nacho mbeta, chachiwiri tinkamvera limodzi. Chachitatuchi chinatuluka sabata imene mkazi wanga anandithawa."

"Pepani."

"Ndinachiika m'mamawa, ine n'kumamuthandiza woimbayo kulira. Aneba anayesa pagwa zovuta, mpaka anaika masamba pamsewu."

"Ndiye munazimitsa?"

"Ndizimitse? Chibadwire sindinapepesedwepo ndi mudzi wonse, mayi. Ndinangokweza wailesiyo."