Zingwe za a Zuze zinandisankhira munda

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine Esinati wa kufupi ndi Marka. Ndikuuzeni za chaka chimene ndinatsala ndi ana atatu ndi nsengwa imodzi ya mbewu ya mapira.

Galimoto ya boma inabwera dzuwa likuswa mtengo kudzatenga amuna anga, a Zuze, ati chifukwa cha mawu amene analankhula pamowa. Masiku amenewo sunkafunsa komwe akupita naye munthu. Anansi anayamba kulambalala pakhomo pathu. Ndinkaopa chilichonse, ngakhale belu la njinga.

Tinali ndi minda iwiri, wa kudambo ndi wa kumtunda, koma mbewu inali yokwana umodzi wokha. Kulakwitsa posankha kunali kuika ana anga m'manda. A Zuze sankalemba. Akakolola ankamanga mfundo pachingwe cha mlaza, dengu limodzi mfundo imodzi, chaka chilichonse munda uliwonse chingwe chake. Ndinatsitsa zingwezo kudenga n'kuyamba kufanizira chaka ndi chaka. Chaka china wapambana wa kudambo, china wa kumtunda. Mutu unangoima. Ndinagwada, ndinati, "Ambuye, ndilibe wondiuza."

M'mawa mwake munthu anaodira. Ndinati andibwerera inenso. Koma anali mai Joakina, othawa nkhondo ku Mozambique, ogulitsa milamba youma. Iwo okha ndiwo sankaopa khomo langa. Atamva vuto langa anaseka.

"Make Rute, milu iwiri ya nsomba mumaifanizira chonchi? Yaing'ono ipite kwa yaing'ono inzake, yaikulu kwa yaikulu."

Anayala zingwe pamphasa m'mizere iwiri, munda uliwonse mzere wake, kuyambira cha mfundo zochepa mpaka cha zambiri. Chaka choipitsitsa kudambo, dengu limodzi, kumtunda, anayi. Chotsatira, atatu kwa asanu. Anatsika nazo choncho mpaka kumapeto, ndipo panalibe pamene wa kudambo unaposa. Ngakhale chaka chake chotchuka cha madengu asanu ndi anayi, wa kumtunda unali nachonso chake chofanana nacho. Ine ndinkangokumbukira cha kudambocho poti ndi pamene a Zuze anandigulira chitenje. Uchitsiru wanga!

Ndinadzala kumtunda. Sindikunamizani, mantha sanathe. Mvula inadula, mapira anafota, ndipo tsiku lililonse ndinkaima m'munda n'kulira. Kenaka Shire anasefukira n'kumiza kudambo konse. Ndinakolola madengu anayi okha, koma ana anadya.

Inu amene mukuopa lero, limbikani. Mulungu amatuma ngakhale munthu wonunkha nsomba. Ndimamuthokoza kwambiri.

A Zuze anabwerako patatha zaka zitatu, ataonda, mano atatha. Anayamba awerenga ana, onse atatu alipo. Kenaka anayang'ana kudenga n'kupeza zingwe zitatu zimene sanamange iwo.