Adilesi Yoyamba ndi fe80

Pamzere wodikira basi, bambo wina wovala chipewa ankagogoda foni yake ndi chala uku akung'ung'udza. Mayi amene anali kumbuyo kwake, atakoleka chikwama chodzaza nthambo za intaneti, anasuzumira.

"Pepani bambo, yakulakwirani chiyani foniyo?"

"Si foni ayi, mayi, ndi akazi anga. Ndinaika kamera m'khola la anapiye. Ndikakhala kunyumba imaonetsa bwinobwino pafonipa, koma ndikangotuluka pageti, zii! Amaizimitsa dala."

"Taonetsani adilesi ya kamerayo imene munalemba m'fonimo. Ndi iyi yosakaniza manambala ndi zilemboyi?"

"Yomweyo. Ndinakopera ndekha, osaphonya ngakhale kadontho."

"Ikuyambatu ndi fe80. Kamera yanu ili ndi maadilesi awiri a pa intaneti. Ya fe80 imagwira m'nyumba mokha, ngati dzina limene akazi anu amakuitanani muli awiri. Kunja kuno alipo akulidziwa?"

"Ndipo asalidziwe!"

"Eya. Yogwira kunja imayamba ndi 2. Simunaione?"

"Ndinaiona, koma inatalika ngati sitima. Ndinangosankha yaifupiyo."

"Ndiye kuti mayi akunyumba alibe mlandu."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ngakhale pang'ono."

"Kalanga ine! Masiku atatu ndakhala ndikudya chakudya chawo nkhope ili ndwii, osanena ndi zikomo yemwe. Dzulo ndinawaitanira mpaka alamu anga kudzamva nkhaniyi."

"Basi ija yafikatu, bambo. Tiyeni."

"Kwerani inu, mayi. Ine ndibwerere ndikapepese kaye. Ndikachedwa, andilanda ndi dzina lija."