Mikwingwirima ya Pamzati

Pasiteji ya basi mumzinda wa Cali, dzuwa likuswa mtengo, mayi wachikulire wovala malaya a manja aatali ankangoyang'ana mikwingwirima pamikono ya mtsikana amene anakhala naye pabenchi, mpaka analephera kupirira.

"Mwanangu, undikhululukire. Mwamuna amene akukuchita zimenezi, musiye."

"Izi? Ayi mayi, ndi mzati!" anaseka mtsikanayo. "Ndimaphunzira kuvina pamzati wachitsulo, kwa aphunzitsi athu a Marleny."

"Gule wa m'malo omwera mowa uja?"

"Inenso ndinkatero. Mnzanga anachitira phwando kwa a Marleny komweko, tinangopita kukaseka. A Marleny anati tisadzole mafuta, ndipo mikono ndi miyendo ikhale pamtunda, chifukwa khungu ndilo limagwira chitsulo. Nsalu imaterera."

"Ndiye iwe unavula?"

"Ndinakana. Masiku amenewo ndinali ndi mikwingwirima ina, yondimenya mwamuna wanga kunyumba. Ndinakwera ndi malaya anga, n'kugwa ngati thumba la mpunga. Anzanga anafa nazo kuseka. Koma a Marleny anandinong'oneza kuti, 'Chimene ukuphimbacho n'chimene chikukugwetsa.'"

"Mwamunayo ali kuti lero?"

"Ndinamusiya. Mikwingwirima iyi ndi yanga, ndimakaitenga ndekha." Mtsikanayo anayang'ana malaya a mayi aja. "Nanga inu mayi, kutentha konseku, manja aatali?"

Mayi aja anakokera manja a malaya awo mpaka kuphimba zala. Basi inaima, chitseko n'kutseguka.

"Simukwera, mayi?"

"Ipite, kubwera ina. Tandiuza, mwanangu. Tsiku limene unachokalo, unayamba bwanji?"