Mabuleki Anapsa pa Ukwati Wanga

Anzanga omvera, mpaka lero ndikamva fungo la labala wopsa ndimakumbukira zomwe zinandichitikira. Pa ukwati wanga malume ananditenga pa kagalimoto kawo kakalekale, kamipando iwiri, kopanda denga. Potsetsereka ku Bangwe azimayi ankavina kutsogolo kwathu, ndiye malume ankangoponda mabuleki njira yonse. Posakhalitsa utsi unatuluka m'mateyala, buleki n'kungolowa osagwira.

"Chokani! Mabuleki apsa!" anakuwa malume, koma nthungululu zinameza mawu awo. Apongozi anga ndiwo ankatsogolera gule. Malume analowetsa giya yoyamba n'kukhotera pa mulu wa mchenga, galimoto n'kuima pomwepo.

Pambuyo pake makaniko wina anati mafuta a mabuleki anawira. Chonde abale, ovina azitsatira pambuyo. Apongozi ali moyo, koma ndikatseka maso ndimawaonabe akuvina patsogolo pa bampala.