Kadontho ka Apongozi

Eugene atawonjezera macheza a pompopompo pa Munda Wathu, tsamba la pa intaneti lomwe anapangira alimi a ku Chinyunyu kuti azipezerapo ogula, anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba ngati ndiye anapaka phula msewu wa ku Lusaka. M'mawa wina mlamu wake Bornface, mwamuna wa mlongo wake Rhoda, anamupeza pa kashopu kochajitsira mafoni n'kumuikira timati yophwanyika patebulo.

"Mulamu, ona ichi," anatero Bornface.

"Ni timati."

"Inali timati. Manje ni supu. Munda onse uli so."

"Nanga ine nilowapo bwanji? Ogula ba ku msika wa Soweto ku Lusaka bali pa macheza siku lonse. Mulemba chabe, bayankha pamene apo, lole ibwela."

"Sininalembe."

"Chifukwa?"

"Kadontho kako."

Eugene anamwetulira ngati amutamanda. "Kobiliwila kaja? Kaja ndiye nzelu yanga yonse. Kakayaka pa dzina la munthu, ndiye kuti alipo."

"Ndiye vuto. Nikangolowa, apongozi balipo."

"Bamai? Nanga balakwa chani?"

"Sibanalakwe. Koma ine na bamai bako sitikumana maso. Nikabaona mu njila nipatuka, nilowa mu thengo mpaka bapite. Ndiye ulemu wamene banandiphunzitsa. Manje pa chinthu chako ichi nipatukile kuti?"

"Ba mulamu, palibe njila apa. Ni foni."

"Unakamba wekha pa miting'i ati ni malo yokumanilapo. Unakamba kapena sunakambe?"

"Ninakamba, koma..."

"Ndiye nikaona kadontho kabo nizimya foni, niyembekeza. Nikayatsa, bakalipo."

Eugene anatembenukira mafoni amene anali pa chaji, ngati mwina iwo angamumvetse.

"Muzimya foni yonse?"

"Nichotsa na batili. Ulemu sufuna za hafu."

"Imwe, bamai sibakuonani nkhope. Baona chabe dzina."

"Na mu njila baona chabe chisote, koma nipatuka." Bornface anakhala pa benchi osauzidwa. "Sininabwele kukangana. Ikapo kathengo."

"Kachani?"

"Kathengo, pambali pa macheza. Mkamwini azilowamo, apongozi bapite, iye atuluke."

"Pulogalamu yanga ilibe cholakwika. Siniikapo thengo, siniikapo chulu, sinichotsa kadontho. Banthu bakakonda."

"Banthu bati?"

"Banthu bamene bagulitsa matimati yao yasanakhale supu."

Mawu amenewa anamulasa Bornface, pakuti munda uja anauthirira ndi kheni chilimwe chonse, ndipo Rhoda anali atasiya kumulankhulitsa kupatula pomuitanira kudya. Komabe munthu woumirira ulemu sataya mtima msanga. Anakoka benchi n'kuyandikira.

"Dzulo ninachedwa kuzimya. Ninaona palembeka ati bamai Estina bakulemba."

"Eya, naicho ninaikapo ine. Chionetsa kuti munthu ayamba meseji."

"Mukulu akayamba kukamba, sungachoke. Ninagwada."

"Munagwada kuti?"

"Mu munda, pakati pa mizele. Foni ninaigwila na manja yabili, maso pansi."

"Ndiye banakamba chani?"

"Palibe. Banalemba, banalemba, mpaka chaji inasila. Maondo yakali kuwawa."

Eugene anaseka mpaka kutsokomola. Sikunali kuseka kwabwino ayi, kunali kuja kwa munthu amene anakhalapo miyezi ingapo ku Lusaka n'kubwerako akuona aliyense ngati mbuzi.

"Chabwino, babulokeni. Mudina apa, basila, simuzabaonanso."

Bornface anaimirira. "Nitsekele apongozi chitseko? Bamene bananipasa mukazi? Iwe, unabadwa kwa bamai aba zoona?"

"Ndiye bisalani imwe. Nizakuzimilani kadontho kanu, muzilowa osaoneka."

"Nizizembela apongozi monga kawalala? Ine nibaona, beve sibaniona? Awe. Uko ni kusuzumila."

"Pasani Rhoda foni, azilemba eve."

"Ninayesa. Anayamba kukamba na bamai bake za kwaya mpaka bandulo ya intaneti inasila. Ogula sanabapase na moni."

"Ndiye mufuna chani kansi?"

"Kathengo."

"Kulibe kathengo."

Ntchentche zinali zitaipeza timati ija, ndipo madzi ake anayamba kuyenderera kulowera ku mawaya. Eugene anaikankha ndi chala, Bornface anaibweza pomwe inali.

"Koma niuze chimozi, mulamu," anatero Bornface. "Bamai bako bapumula liti? Pa Sande ninabaona na maso yanga bali kuimba mu chalichi, manja yonse mumwamba. Ninatuluka panja, nayatsa foni kuti mwina lelo njila ili bwino. Kadontho kali ngwee."

Eugene anayamba kupukuta foni ya munthu wina ndi malaya.

"Na pa malilo ya ba Whiteson, bali kuphika, kadontho kali ngwee. Chinthu chako chinafa."

"Sichinafe," anayankha Eugene mwaukali. Akanakhala wochenjera akanavomera kuti chinafa, koma kunyada kunamukoka lilime. "Chisebenza bwino maningi. Kabo ninakakonza mwapadela kuti kasazime. Si aliyense angakwanise ivo."

"Unakakonza? Ndani anakuuza?"

"Beve. Banati mkamwini wao ni munthu waulemu, tisamusokoneze."

Bornface anaganiza pang'ono, nkhope yake n'kuwala. "Banakamba so? Ati nine waulemu?"

"Banakamba."

"Waona manje. Iwe uniseka, koma bakulu baona."

Nthawi yomweyo lole yoyera inakhota kuchoka pa msewu waukulu, inadutsa pa kashopu paja, inadutsanso njira ya ku munda wa Bornface osachepetsa liwiro, n'kukaima pabwalo la mai Estina, pomwe mabokosi a matimati anali atasanjidwa kale mpaka kufika m'khonde. Bornface anaitsatira ndi maso, kumwetulira kuja kukuchoka pang'onopang'ono.

"Uja ni ba Chanda," anatero motsitsa mawu. "Wogula wanga wa chaka chatha."

Foni ya Eugene inalira kamodzi. Anawerenga, anakanda kumutu, kenako anaitembenuzira kwa mlamu wake. Bornface ataona dzina la apongozi ake ndi kadontho anatembenuza nkhope msanga, navula chisote.

"Belenga iwe. Bakuti chani?"

"Bakuti muende mukathandize kukweza mabokosi mu lole. Ati musaope, beve balowa mu nyumba mpaka musilize."