Kalata ya Mfuti ya a Jobe

Akuba atalumpha mpanda wawo ku Syokimau, kudziko la eni kumene ankakhala, a Jobe, bambo amene akagwira mfundo ngakhale abusa amangowasiya, anaganiza zogula mfuti mkazi wawo Getrude asakudziwa, poti mayiwo anakaniza ngakhale mfuti yapulasitiki ya mwana. Laisensi inkafuna kalata yochitira umboni khalidwe lawo, ndiye asananyamuke ulendo wa masabata atatu ku Turkana ntchitoyo anaisiyira a Davide, mlembi wa mpingo wa Amalawi, munthu woti ukamuuza kuti "dikirani pompano" umakamupeza mawa ali pomwepo.

A Jobe atabwerako, Lolemba m'mawa anakumana pa siteshoni ya sitima.

"Amlembi, kalata ija mwalemba?" ananong'ona a Jobe.

"Ya mfuti ija?"

"Shhh! Mukufuna Syokimau yonse imve?"

"Pepani, achimwene. Ya mfuti ija," ananong'ona a Davide.

A Jobe anawakokera kuseri kwa chipilala. "Tamverani. Fomu ya bomayi ikufuna dzina, zidindo za zala, mpaka mapu a kunyumba. Buku lawolo likadzagwera m'manja mwa akuba, oyamba kuchezeredwa ndife. Nanga akadzaimbira foni mayi akunyumba? Ine basi ndatha. N'chifukwa chake ndinati m'kalatamo dzina langa lisaoneke."

"Silikuoneka." A Davide anatulutsa pepala m'chikwama, n'kukonza magalasi. "Imvani: 'Munthu uyu ndimamudziwa.'"

"Eya! Zoterozo. Basi?"

"'Ndi wamfupi, wadazi, geti lake ndi lobiriwira, nyumba yachitatu kuchokera pa kiosiki ya Mama Lucy. M'kwaya amaimba besi, koma amatsalira.'"

"Aaa! Si bola mukanangolemba dzinalo!"

"Dzina munaletsa."

"Ndipo sinditsalira ine. Amathamanga ndi enawo."

"Ndikonze?"

"Musakonze kanthu!" A Jobe analanda pepalalo. Maso awo anagwera pansi pake, pomwe panali chidindo chofiirira. "Nanga ichi?"

"Chidindo cha mpingo. Kalata yopanda chidindo ndi pepala lokulungira mandazi."

"Chidindo chimakhala ndi inu, si choncho?"

"Chimakhala ndi ine, koma sichituluka popanda akulu a mpingo."

"Akulu a mpingo alowamo bwanji mu nkhani yanga?"

"Asanu ndi awiri okha, achimwene."

"Okha!"

"Iwo anati khalidwe la munthu sitichitira umboni m'chimbulimbuli. Anati tilengeze."

"Mulengeze chiyani?"

"Monga timachitira ndi ukwati. Masabata atatu otsatizana." A Davide anaimirira njo, n'kukweza mawu ngati ali paguwa. "'Mbale wathu Jobe akufuna kugula mfuti. Ngati alipo wina wodziwa chifukwa choletsa, aimirire tsopano.'"

Amayi awiri amene ankadikira sitima anatembenuka.

"Tsitsani mawu! Munatchula dzina langa? M'tchalitchi?"

"Munati boma lisaone dzina. M'tchalitchi mulibe boma. Ndinayang'ana bwinobwino."

"A Timothy a ku ofesi ya kazembe aja si boma?"

"Iwo nthawi ya zolengeza amakhala ali m'tulo."

A Jobe anapukuta dazi ndi kalata yomweyo. Manyazi anali nawo, koma mantha ndi omwe anakula. "Ndiye alipo anaimirira?"

"Sabata yoyamba anaimirira mayi Lenah. Anati munthu amene anagenda galu n'kuswa galasi la galimoto yake yomwe asapatsidwe chinthu cholira."

"Galu ameneyo anazinda!"

"Ndinalemba zimenezo m'maminitsi. Sabata yachiwiri palibe anaimirira, tinangokupemphererani. Amvano anasala kudya Lachinayi."

"Amvano! Ndiye kuti nkhaniyi yafika kale ku Ntcheu."

"Yafika. Amalume anu akuti moni, ndipo mukagula muwabwereke, anyani awavuta m'munda."

"Iiii, amayi ine! Davide, ndinakuuzani kuti ichi n'chinsinsi!"

"Munati, 'Boma lisadziwe zambiri.' Mawu anu ndinawalemba pa kalendala. Mpaka lero boma silinamve kanthu kwa ine."

Sitima inalira chapatali. A Jobe anafika pa funso limene ankaliopa.

"Nanga Getrude? Nenani kuti masabata onsewa sanabwere kutchalitchi."

"Alamu sajomba. Amakhala benchi yoyamba."

"Mayo! Koma dzulo anandilandira bwinobwino, mpaka kundiphikira nkhuku."

"Sabata yachitatu ndi imene anaimirira."

"Basi, banja latha. Anati akubwerera kwawo ku Zomba?"

"Ayi."

"Anati ndine wamisala?"

"Zimenezo ananena ndi ena. Iwo anangofunsa kuti m'nyumba imodzi mfuti ziwiri n'zachiyani."

"Ziwiri?"

"Yawo ili ndi laisensi, chaka chachinayi chino. Anatisonyeza ndi khadi lake."

"Getrude? M'nyumba mwanga? Ine osadziwa?"

A Davide anatenga kalata ija m'manja mwa a Jobe, n'kuipinda bwinobwino, n'kuwaikira m'thumba la malaya.

"Boma lija mukuliopali, achimwene, lakhala likudziwa za mfuti ya alamu zaka zinayi. Linakuuzaniko?"