Mutu wa Bambo Ottley ndi Mwala wa M'malire

Mayi Cotterill, wapampando wa khonsolo ya mudzi wathu wa Fennick. Abusa athu a Whitlow. Mayi Ottley, a Owen mwana wawo, ndi zidzukulu zonse zochokera ku Leeds. Anzanga a ku nyumba yosungira mbiri ya mudzi. Ndi inu nonse amene mwabwera chifukwa munamva kuti kuli keke. Moni nonse.

Ine ndine Bethan Pardoe. Ku nyumba yosungira mbiriyo ndimagwira ntchito Loweruka lokha, kupukuta fumbi ndi kugulitsa mapositikhadi. Akuluakulu atafunsidwa kuti alankhule, onse anati ali ndi chifuwa. Chifuwacho chatha lero atangoona masangweji.

Bambo Ottley, chifikireni mwakhala mukufunsa kuti bwanji phwando lanu tachitira m'tenti, m'munda wa nkhosa wa a Tranter, mvula ili mkati, pomwe holo ya mudzi ili ndi denga. Ndiyankha, koma pomaliza. Ndinu amene munandiphunzitsa kuti nkhani yabwino imayamba yazungulira kuseri kwa tchalitchi.

Ndinenerenso poyera zimene tonse taona. Pa geti la a Ottley pali chikwangwani chakuti nyumba ikugulitsidwa. Akufuna kusamukira kunyanja, kwa achemwali awo, ndipo ogula akubwera kudzaiona Lolemba. Ine ndaima pano kuwatsanzika pa ntchito yawo yoyang'anira nyumba yosungira mbiri, poti akupuma. Zowatsanzika pa mudzi sindinalembe, ndipo sindikufuna kulemba.

Bambo, mukudziwa dzina limene timakutchulani mukatuluka? A Panopanali. Musayang'ane ine, analiyambitsa ndi akazi anu. Munthu sangayende nanu mumsewu osamva kuti pano panali bekale ya a Moffat, amene ankapatsa ana mabisiketi osweka. Pano panali siteshoni, sitima inkaima kudikira mayi wina amalize kupachika zovala. Pano panali chitsime, munagwera chipewa cha apolisi.

Tsiku lina kunabwera dalaivala wa lole atanyamula firiji, akufuna kwa a Cotterill. Mwatsoka anafunsa inu. Ine ndinali pakhomo ndi tsache, ndinamva zonse.

Munati, “N'kosavuta, mwana wanga. Upite mpaka pamene panali bekale, ukhote kumanja pamene panali mtengo uja unagwa ndi mphepo. Ukadutsa pamene panali siteshoni uona pamene pankaima ng'ombe yakuda.”

Dalaivala uja anavula kapu n'kukanda m'mutu. “Bwana, kodi m'mudzi muno chilipo chimene chilipobe?”

Inu munaganiza kaye. “Ine.”

Firiji ija inakagona ku Stowby, mudzi woyandikana nafe. Mayi Cotterill, mkaka wanu unasasa chifukwa cha mbiri ya mudzi.

Palinso nkhani ya chipale chofewa chimene chinagwa muli ana, pamene munkaba mathireyi a tiyi a amayi anu n'kumatsetsereka nawo pa chitunda cha Cinder. Nditangoyamba ntchito, chipale cha m'nkhani yanuyo chinkafika m'mawondo. Chaka chatha chinafika pawindo. Mwezi wathawu munauza ana a sukulu kuti nkhosa zinkayenda padenga. Bambo, mwachita bwino kupuma. Chikanafika pa mtanda wa tchalitchi.

Inu a ku Leeds, ndikuona mukuyang'ana ndodo zili pakona apo ngati tapenga. Ndi za ulendo wa malire. Mwezi wa Meyi uliwonse mudzi wonse umayenda kuzungulira malire athu, n'kumamenya miyala ya m'malire ndi ndodo. Ana amene afika msinkhu timawanyamula chadodolido, miyendo m'mwamba, n'kuwagunditsa mutu pamwala. Pang'ono chabe, musaimbe foni kupolisi. Ndi kuti mwana asadzaiwale pamene kwawo kumathera. Amene akhala akutsogolera ulendowu ndi agogo anuwa.

Aliyense wa ife amadziwa mmene amachitira. Ngati mwana ali ndi magalasi, amamuvula okha n'kuwaika m'thumba la jekete. Mutu ukangoti gu, amanena kuti, “Pano ndi kwanu, usaiwale.” Kenako amatulutsa siwiti ya minti yomatira ulusi wa m'thumba. Ine tsiku langa ndinalira. Osati chifukwa cha mwala ayi, nsapato yanga inavuka, galu wa abusa n'kuthawa nayo. Siwiti ndinadya, ndi ulusi womwe.

Koma chaka chawo choyamba sizinayende chonchi. Ndafunsa amene analipo, ndipo onse anafotokoza mosangalala kwambiri. Kunali nkhungu yoti sungaone ndi dzanja lako lomwe. A Ottley, ali mnyamata, ndevu zitangoyamba, anakana mapu. Anati malire ali m'magazi mwawo. Anayenda, mudzi wonse pambuyo, mpaka anapunthwa pa chinthu cholimba. Anati ndi pano. Anthu anamenya ndi ndodo, abusa a nthawi imeneyo anapemphera, ana anayamba kugunditsidwa. Kenako kamtsikana kena, kali chadodolido, kanatulutsa lilime n'kunena kuti, “Bambo, mwalawu ukukoma.”

Chinali chibuma cha mchere chonyambita ng'ombe. Nkhungu itachoka anapeza ng'ombe zaima mozungulira, zikudikira kuti anthu amalize. Kamtsikana kaja lero ndi wapampando wa khonsolo. Mayi Cotterill, n'chifukwa chake mukamakangana ndi a ku Stowby za malire simupambana. Malire anu ng'ombe zinanyambita.

Tsopano ndinene zimene sindidziwa kuzinena moseka.

Tonse tamvapo a Tranter akukuwa pa msika kuti, “Iwe mlendo, ukubwerera liti kwanu?” Ndipo a Ottley amayankha kuti, “Ndikudikira iwe usambe kaye, Clive.” Ine ndinkayesa ndi nthabwala za anthu okulira limodzi. A Ottley anabadwira m'mudzi muno, m'chipinda cha pamwamba pa pamene panali positi ofesi.

Loweruka lina ndinawapeza akulongedza kapu yawo ya tiyi m'katoni. Ndinalimba mtima, ndinafunsa kuti bwanji akusamuka. Anatseka katoniyo n'kundiyang'anitsitsa, mwakuti ndinaganiza kuti ndachotsedwa ntchito.

Kenako anati, “Chaka chathu chogunditsidwa ine ndinadwala chikuku. Ndinaonera pawindo anzanga akudutsa ndi ndodo, Clive akunditulutsira lilime. Amayi anati usalire, chaka chamawa. Koma tsiku lomwelo abusa anathyoka msana ponyamula mwana wina wonenepa, ndipo mwambo unathera pomwepo.”

Ndinafunsa kuti mwanayo anali ndani.

“Clive.”

A Tranter, musaseke kwambiri, mpando umenewo ndi wobwereka.

Ndiye mwambo unagona zaka zambiri, mpaka a Ottley atakula, atayamba ntchito, anaudzutsa okha. Anandiuza kuti, “Ndagunditsa mudzi wonse, mwanawe, koma ine mwala sundidziwa. Ndikasiya ntchito ndidzangokhala nkhalamba yosocheretsa madalaivala. Bola kunyanja, kumene sindidziwa kuti panali chiyani.” Anaseka ponena zimenezi. Ine sindinaseke.

Pepani Bambo, sindinasunge pakamwa. Ndinapita kwa Mayi Ottley. Ndinawapeza kudimba akumangirira nyemba.

Anati, “Mwana iwe, chikuku chimenechi ndachimva kuyambira tsiku la ukwati. Ine kunyanja sindikukufuna. Mphepo yake imawononga tsitsi, achemwali awo amaphika tiyi ngati madzi otsukira mbale, ndipo nyemba zangazi zangoyamba kuyanga. Ndinawafunsa kuti, Desmond, mukanagunditsidwa mukanachoka? Anati ayi. Ndinati, nanga atakugunditsani lero? Anati chikwangwani ndingazule ndekha ndi mano.”

Ndinati, “Ananenadi zimenezo?”

“Ananena, poti akudziwa kuti palibe angawanyamule. Waiona mimba ija?”

Ndiye ndinapita kwa a Tranter. Ndinkaopa, chifukwa a Tranter akamalankhula nkhosa zimathawa. Nditawauza kuti anzawo akuchoka chifukwa cha mwala, sanakuwe. Anakhala pa ndowa n'kumayang'ana nsapato zawo. Anati, “Chitsiru chimenechi. Ine ndimangomuseka. Akachoka ndizitukwana ndi ndani? Abusa sabwezera.” Kenako anafunsa kuti akulemera bwanji, poyerekeza ndi nkhosa yamphongo.

Ndisanafike kumene mukuganiza kuti ndikupita, ndithokoze kaye.

Zikomo Bambo Ottley. Ine ndinabwera kwa inu ndili mwana woti mlendo akandipatsa moni ndinkabisala kuseri kwa kabati ya mafupa. Simunandikakamize kulankhula. Munandipatsa timakhadi kuti ndizilemba mayina a zinthu, ndipo nditalemba nkhani yonse ya ketulo imodzi mpaka kuseri kwa khadi, simunaseke. Munapita kukagula makhadi aakulu.

Timaseka za pano panali, koma ine ndinalipo tsiku limene kunabwera agogo ena ochokera ku Australia, akufuna nyumba imene anabadwira amayi awo. Nyumbayo kulibe, pali poimika magalimoto. Wina akanangoti pepani. Inu munavala jekete, mvula ikugwa, munawaimika pakati pa magalimoto awiri n'kunena kuti, “Pano panali khitchini. Windo linali uku, ndipo akamatsuka mbale ankaona chitunda chija.” Agogo aja anayang'ana chitunda n'kuyamba kulira. Wa galimoto wina ankaliza hutala, inu simunasunthe. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti ntchito yathu si yopukuta fumbi.

Pa zaka zonsezi, pa ana onse amene munawanyamula, pa masiwiti onse a ulusi, zikomo. Tikufunirani mpumulo wabwino. Muzidzuka mochedwa, muzimwa tiyi akadali wotentha, muzisocheretsa madalaivala mwaufulu. Koma muzichitira zimenezi kuno.

Tsopano yankho la funso lanu lija. Ndikudziwa mwalidziwa kale, chifukwa chifikireni mwakhala mukuyang'ana tebulo la keke mokayikira. Munthu amene wazungulira malire moyo wake wonse sangapusitsidwe ndi nsalu ya patebulo. Abusa, chonde nyamulani kekeyo. Ndi manja awiri, abusa. A Owen, chotsani nsaluyo ndi thabwalo.

Ndi umenewo. Mwala woyamba wa m'malire. Mayi Cotterill aunyambita m'mawa uno, atsimikiza kuti si mchere.

Bambo, musayang'ane pakhomo, a Tranter akaimapo kale ndi galu. Mukuti msana? Mayi Ottley anafunsa adokotala. Adokotala akuti mutu umene wapirira misonkhano ya khonsolo sungaope mwala. Pilo alipo, asoka ndi Mayi Ottley omwewo. Okunyamulani ndi anyamata a kwa a Tranter, amene aima kumbuyo kwanuwo. Akhala akuyeserera ndi nkhosa yamphongo, ndipo nkhosayo ili bwinobwino, yangosiya kuwakhulupirira. Onsewo munawagunditsa ndinu. Akuti akhala akudikira tsikuli kuyambira ali ana.

Mukuti mwakalamba? Munandiuza nokha kuti mwambowu sunena za zaka, umangoti wobadwira pano amene sanagunditsidwe. Palibe amene akukukakamizani, Bambo. Mukakana, tidya keke, tiimba, ndipo Lolemba ogula abwera. Ine ndidzapukutabe fumbi. Koma wina akadzabwera kudzafunsa za inu, ndidzayenera kumuimika pa geti lanu n'kunena kuti pano panali a Ottley. Sindikufuna kunena mawu amenewo.

Tidikire pang'ono. Tiwapatse mpata.

Anthu inu, akuvula magalasi.

Bweretsani kuno, Bambo, ndikusungirani m'thumba. Siwiti ndili nayo, yakhala m'jekete langa sabata yonse kuti imatire ulusi wokwanira.

Anyamata, pang'onopang'ono. Wina agwire lamba. Ana inu, masiwiti akugwa m'matumbawo mutole pambuyo pake, tasunthani kaye. A Tranter, mwamva zimene akutukwanani ali chadodolido? Ndiye kuti ali bwino. Tsitsani. Tsitsanibe. Basi, pomwepo.

Tonse pamodzi tsopano, mmene iwo anatiuzira ife. Pano ndi kwanu, musaiwale.

Awongoleni, nkhope yafiira. Mayi Ottley, nyemba zanu zapulumuka. A Owen, pobwerera mudutsire pa geti mukazule chikwangwani chija, mano a bambo anu tiwasungire keke. A Tranter, ndikuona mukupukuta m'maso, tingonena kuti tenti ikudontha.

Ikani makapu pansi nonse, manja akhale opanda kanthu. Tiwaombere m'manja Bambo Desmond Ottley a ku Fennick, mpaka a ku Stowby amve!